Vitz yanga ikunjenjemera, amakaniko akuti giyabokosi yatha: ndikonze kapena ndigulitse?

Nasibeko: Abale ndi alongo pagulu pano, ndigaireni nzeru. Miyezi inayi yapitayo ndinagula Toyota Vitz ya 2008, ya injini ya lita imodzi, yosintha yokha magiya. Ndi galimoto yanga yoyamba ndipo ndinaigula kwa munthu amene anaiyendetsapo kale. Pa wotchi yake pakuoneka makilomita 118,000. Poyamba imayenda bwinobwino, koma sabata ziwiri zapitazi yayamba kunjenjemera ndikaima pa maloboti giya ili pa D, moti chiwongolero chimachita kugwedezeka m'manjamu. Ndikaponda moto kuti ndinyamuke imakhala ngati yatsamwa, kenako n'kulumpha. Dzulo kanyale kachikasu kooneka ngati injini kaja kanayamba kuphethira. Ndinapita pa galaja ina, amakaniko anangoimvetsera kamphindi n'kunena kuti giyabokosi yatha, ndisake ina. Mtengo umene ananditchulira ukuyandikira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zomwe ndinagulira galimoto yonse. Usiku sindinagone. Ndikonze, kapena ndingoigulitsa ndisanalire kawiri?

Fatsani wa Mira: Takulandirani ku mpingo wa eni timagalimoto, asisi. Kuno timapemphera ndi sipanala m'manja.

Madala Gama: Mayi, musagule kaye chilichonse. Ndiyankheni mafunso awiri. Mukaima n'kuchotsa giya pa D kuika pa N, kunjenjemerako kumachepa? Chachiwiri, amakanikowo anailumikiza ku kompyuta, kapena anangoyeza ndi khutu?

Nasibeko: Pa N kumachepako ndithu bambo, koma sikutheratu. Kompyuta sanaitchule n'komwe. Anangotsegula boneti, kuiliza, basi.

Madala Gama: Ndiye ndikuuzeni zomwe ndikuganiza, ndagwira timagalimoto totere zaka zambiri ndisanapume. Kanyale ka injini kakangoyaka n'kukhala du, ndiye kuti kompyuta ya galimoto yasunga vuto, mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka kwa wokonza. Koma kakamaphethira, tanthauzo lake nthawi zambiri ndi limodzi: silinda ina sikuwotcha mafuta bwino. Petulo wosapsayo amatsikira mu ekisozi n'kukapsera mu catalytic converter, kachipangizo kosefa utsi kaja, ndipo mukapitiriza kuyenda kamasungunuka m'kati. Kameneko ndiye kodula zedi. Choncho iimikeni galimotoyo mpaka iyezedwe.

Injini yanuyo ndi 1KR-FE, ya masilinda atatu. Ndi yomweyo imene ili mu Passo ya lita imodzi, komanso mu Aygo, Peugeot 107 ndi Citroën C1. Injini ya masilinda atatu imanjenjemerako mwachibadwa, n'chifukwa chake imakhala pa mphira zochindikala zimene timati ma mounting. Ndiye taganizani, masilinda ndi atatu okha, imodzi n'kuyamba kujomba: awiri otsalawo akusenza katundu wa atatu, galimoto ilekerenji kutsamwa? Zomwe zimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi pulagi yotha kapena koyilo yakufa, kachipangizo kopereka moto ku pulagi. Giyabokosi payokha siiphethiritsa kanyale m'njira imeneyo.

Sipanala12: Madala anena zoona, koma tisamuweruze msanga mnzathu uja. Ma CVT, mtundu wa giyabokosi yosintha yokha umene uli m'timagalimoto timeneti, amafadi, ndipo akayamba kufa amathanso kulumpha ponyamuka. Cholakwa chake n'kutchula matenda asanayeze. Ineyo pa galaja yanga lamulo ndi lakuti kompyuta choyamba, sipanala pambuyo.

Mai a Chisomo: Amakaniko, lamulo limenelo mumalitsata nokha kapena? Ine ndi Honda Fit yanga ya 2005 ndinasinthitsidwa pampu ya mafuta, sefa, kenako masensa awiri, galimoto ikutsamwabe. Pomaliza munthu wina anapeza kuti injini imeneyi ili ndi mapulagi 8, osati 4. Anayi ali kutsogolo, anayi abisala kumbuyo. Onse amene ankapanga sevisi ankasintha akutsogolo okha, akumbuyo anali oyambirira a ku fakitale, atadyeka mpaka kutheratu. Ndalama zomwe ndinataya pa masipeya osafunika zinaposa kasanu mtengo wa mapulagi amene anachiza galimoto.

Tadala K: Eya, injini ya i-DSI ija. Mapulagi awiri pa silinda iliyonse, ndi makoyilo 8. Ambiri sadziwa.

Bwana Mbewe (woyang'anira gulu): Ndingokumbutsa kuti pagulu pano tinagwirizana kusalemba mitengo m'ndalama, chifukwa tili m'mayiko osiyanasiyana ndipo mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, timangokangana pachabe. Yerekezani ndi thanki yodzadza ya petulo. Ya Vitz imalowa malita 42, ndiye aliyense atha kudziwerengera yekha kwawo.

Nasibeko: Zikomo nonse. Ndiye ndikapita kukayezetsa ndiziyang'ana chiyani? Ndikuopa kuti andiuzanso zina ine osamva kanthu.

Sipanala12: Auzeni akuonetseni nambala imene yatuluka pa makinawo ndipo muijambule pa foni. Mukaona P0301, P0302 kapena P0303, ndiye kuti silinda yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu ndi imene ikujomba. P0300 ndiye kuti kujombako kukusinthasintha, sikuli pa silinda imodzi. Ikatuluka mwachitsanzo P0302, asathamangire kugula chinthu. Achotse koyilo ya silinda yachiwiri aisinthanitse ndi yoyamba, afufute nambalayo, ailize galimoto. Nambala ikasamukira ku P0301, wolakwa ndi koyilo. Ikakakamira pa P0302, ayang'ane pulagi, kenako injekita yopopera petulo, pomaliza ayeze compression, mphamvu imene silinda ikupanikizira mpweya. Ntchito yonseyi sidutsa theka la ola pa injini imeneyo chifukwa makoyilo ali pamwamba penipeni, bawuti imodzi iliyonse.

Za mtengo: kuyezetsa pa kompyuta n'kochepera thanki imodzi. Mapulagi atatu abwino, pafupifupi thanki kapena kucheperapo. Koyilo imodzi yeniyeni, thanki imodzi kapena ziwiri. Giyabokosi yakale yochotsa mu galimoto ina, kuphatikiza mafuta ake ndi ntchito yoika, mukukamba za mathanki ochuluka moti mudzasiya kuwerenga. Ndipo yakaleyo simudziwa kuti yatsala ndi moyo wotalika bwanji.

Fatsani wa Mira: Ndipo mapulagi samalani nawo. Achinyengo adzaza, bokosi lolembedwa Denso kapena NGK bwinobwino, m'katimo muli zinyalala. Ine ndinagula otchipa, patangotha miyezi itatu nsonga inali itasungunuka.

Tadala K: Ine ndikufuna kufunsako za CVT popeza yatchulidwa. Ndili ndi Nissan March ya 2011. Wogulitsa anandiuza kuti mafuta a giyabokosi imeneyi sasinthidwa mpaka galimoto kufa. Zoona?

Madala Gama: Mwana wanga, mawu amenewo apha magiyabokosi ambiri kuposa ngozi zapamsewu. CVT ilibe magiya a mano ngati akale aja. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka. Lambayo amagwira mapule chifukwa cha mphamvu ya mafuta, ndipo mafutawo anapangidwa mwapadera kuti chitsulo chigwirane ndi chitsulo osaterereka. Akakalamba ndi kutentha, lamba amayamba kuterereka, n'kukanda mapule, tizitsulo n'kumwazikira m'mafuta, basi ulendo wopita kumanda wayambika. Mumzinda, momwe umangoima n'kunyamuka tsiku lonse, mafutawa amatopa msanga. Ine ndimalangiza kusintha pa makilomita 40,000 mpaka 60,000 alionse.

Koma choopsa kwambiri ndi kuthira mafuta olakwika. Munthu amapita kogula n'kunena kuti ndikufuna mafuta a otomatiki, amupatsa ATF wamba. Ameneyo mu CVT ndi chiphe. Toyota ili ndi ake, CVT Fluid TC ndi FE. Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3. Honda Fit zoyambirira zija zimafuna HMMF. Onani m'buku la galimoto yanu kuti yanu ikufuna ati, musamvere wogulitsa amene akungofuna kuti botolo lichoke pa shelefu. Ma CVT ambiri alibenso kandodo koyezera mafuta, mlingo wake umayezedwa pa bawuti yapansi mafuta atafika pa kutentha koyenera, ndiye si ntchito yopatsa aliyense wogwira sipanala.

Mai a Chisomo: Zimenezo ndi umboni wanga. Fit yanga inkanjenjemera ponyamuka ngati ikudutsa pa malata. Atasintha mafuta kawiri motsatizana ndi HMMF inasiya. Ndinali nditauzidwanso kuti ndigule giyabokosi.

Sipanala12: Mayi munachita mwayi chifukwa munafulumira. Fit zimenezo zili ndi kilatchi yonyamukira m'kati mwa CVT, ikakhala kuti yangoda, mafuta atsopano amathandiza. Ikapsa, mafuta sangaiukitse. Ndipo ndichenjeze: giyabokosi imene yayamba kale kulira ngati mluzu kapena kuterereka pokwera mtunda, kusintha mafuta sikuichiza. Anthu amabwera mochedwa, tisintha mafuta, ifa patatha mwezi, n'kumati amakaniko andiphera galimoto.

Chikondi B: Pepani ndalowerera. Ine maganizo anga ndi osiyana. Asisi, gulitsani. Galimoto ya zaka zoposa 15 ikayamba kudwala siisiya. Lero koyilo, mawa mashoko, mkuja redieta. Timagalimoto timeneti anatipangira kuti tiyende zaka zochepa n'kutayidwa.

Madala Gama: Akagulitsa agula yotani, achimwene? Ndalama zomwezo agulanso yakale ina, ya matenda amene sakuwadziwa. Bola iyi ayamba kuidziwa. Ndipo zoti timagalimoto timeneti sitilimba ndikukana. Injini ya 1KR ili ndi tcheni, osati lamba wa timing, ndiye palibe zosintha lamba pa makilomita akutiakuti. Ndaonapo zambiri zitadutsa 200,000 injini isanatsegulidwepo. Chimene chimatha ndi zinthu zozungulira injiniyo, ndipo zambiri mwa izo n'zotchipa mukazigwira msanga.

Chitsanzo ndi CV joint. Kumapeto kwa shafuti yopita ku tayala lakutsogolo kuli kamphira kooneka ngati chikwama, kosunga girizi. Kamphirako kakang'ambika, girizi amatuluka, mchenga n'kulowa. Mukakaona msanga, musintha kamphira kokha, mtengo wake wosafika theka la thanki. Mukadikira mpaka muyambe kumva kuti tha-tha-tha pokhota, ndiye kuti joint yadyeka, mugula yonse. Chimodzimodzi mabuleki: mapadi ndi otchipa, koma mukawasiya mpaka chitsulo chikhule chitsulo, mugulanso ma disc.

Chikondi B: Ndamva madala, koma si aliyense ali ndi nthawi yogona pansi pa galimoto.

Madala Gama: Simukufunika kugona pansi. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto, suzumirani kuseri kwa tayala. Mukaona girizi wakuda atamwazikira m'kati mwa limu, mwapeza nkhani.

Fatsani wa Mira: Za phokoso la kunsi ndiye ine katswiri. Gu-gu-gu pa mabampu ang'onoang'ono, nthawi zambiri ndi ma stabiliser link, tizitsulo tiwiri totchipa. Anthu amathamangira kugula mashoko onse anayi pomwe vuto ndi timeneto. Kulira kwa huuu kokula ndi liwiro, kosintha mukakhotera mbali imodzi, ndi belingi ya tayala. Mira yanga yandiphunzitsa zonsezi mwaulere, kupatula ndalama zomwe yandidyera.

Tadala K: Achimwene Fatsani, Mira ndi galimoto kapena njinga yamoto yovala malaya?

Fatsani wa Mira: Nyozani, koma pothira mafuta ndimaseka ndine. Kungoti ka injini ka 660cc kamagwira ntchito yakalavulagaga. Kuti kayende liwiro limene Vitz ikuyenda mopumira, iko kamakhala kakukuwa. Oyilo wake ndi wosakwana malita atatu, ndiye amatopa msanga, ine sindidutsitsa makilomita 5,000. Ndipo Mira zatsopanoko zozima zokha pa maloboti zimafuna batire yakeyake, yolembedwa M-42. Ndinaikamo batire wamba kuti ndipulumutse ndalama, sinathe chaka.

Sipanala12: Pa oyilo pomwepo, a Tadala, March yanu ndi K13, koma amene ali ndi K12, ija ya 2002 mpaka 2010, asamale kwambiri. Tcheni cha injini zake chimadziwika ndi kutamuka, makamaka oyilo akamachedwa kusinthidwa. Chizindikiro ndi phokoso la wele-wele poiliza m'mawa, kuvuta kulira, kenako kanyale. Tchenicho pachokha si chodula kwambiri, koma kuti uchifikire umamasula mbali yonse ya injini, ndiye ntchito imadula kuposa sipeya. Ndi momwe zilili ndi timagalimoto tating'ono: malo ndi opanikizika, chinthu chotchipa chimabisala kuseri kwa zinthu zisanu. Kilatchi ya galimoto ya manyuwo ndi chimodzimodzi, mpaka giyabokosi itsike pansi. N'chifukwa chake tikatsegula timati sinthani zonse zitatu, mbale, pressure plate ndi belingi, kuti musadzalipire ntchito yomweyo kawiri.

Nasibeko: Ndabwerako abale. Ndinapeza galaja ina yokhala ndi kompyuta, ndinaikoketsa galimoto osaiyendetsa monga munanenera. Inatuluka P0302. Anasinthanitsa makoyilo ine ndikuona, nambala inasamukira ku P0301. Tagula koyilo imodzi ndi mapulagi atatu chifukwa akalewo anali otheratu. Kutsamwa kwatha, kanyale kazima. Zonse pamodzi ndi kukoketsa zandidyera mathanki atatu osakwana. Koma kunjenjemera pa D kukadalipo pang'ono, ndipo andionetsa mounting ya kumanja, mphira yake yang'ambika. Anandionetsanso zinthu zofiirira zouma ngati mchere pambali pa injini, akuti water pump ikudontha. Izi ndi zoona kapena ayambanso kundidyera?

Madala Gama: Ameneyo ndiye makaniko, musungeni. Zonse ziwiri n'zodziwika pa injini imeneyi. Madzi a redieta a Toyota ndi apinki, akamadontha pang'onopang'ono n'kuuma amasiya zimene mwaonazo. Pakati pa ziwirizi yambani ndi pampu. Mounting ingokusowetsani mtendere, mutha kudikira malipiro a mwezi wamawa. Pampu ikakhuthula madzi muli pamsewu, injini iwira, ndipo mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, ukatentha kwambiri umapindika, gasiketi n'kupsa. Apo ndiye mudzalipira kuchotsa mutu, kukaupala, gasiketi, mabawuti atsopano, oyilo, madzi, zonse pamodzi kangapo konse mtengo wa pampu. Mwayi wake pampu ya 1KR ili panja, imayendetsedwa ndi lamba wa alternator, ndiye ntchito yake si yaikulu. Lambayo ngati ali ndi ming'alu musinthiretu pomwepo.

Kumbukiraninso kuti Vitz yanuyo ilibe muvi woonetsa kutentha, ili ndi kanyale kokha. Kakayaka kofiira, imani pomwepo muzimitse injini. Musati ndingofika pakhomo kaye. Ndipo chivindikiro cha redieta musatsegule injini ili yotentha, madziwo amakhala opanikizika, adzakuwaulani kumaso.

Chikondi B: Pokonza pampupo angochotseratu thermostat, kavalavu kotsegulira madzi injini ikatentha kaja. Galimoto zanga zonse ndimachotsa, siziwira.

Sipanala12: Ayi bwana, pamenepo ndiye tikangana. Thermostat si imene imawiritsa galimoto pokhapokha itafa chotseka, ndipo mankhwala ake ndi kuika ina, si yodula. Mukaichotsa, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, kompyuta imaganiza kuti kukadali m'mawa n'kumathira petulo wambiri. Mafuta mumwetsa ochuluka, mapulagi achita mwaye, oyilo asungunuka ndi petulo. Ena amalumikizanso fani kuti izizungulira nthawi zonse. Uko n'kubisa matenda. Galimoto yowira ili ndi chifukwa: redieta yotsekeka, fani yakufa, pampu, chivindikiro chosagwira, kapena gasiketi imene yapsa kale.

Chikondi B: Zaka zonsezi sindinaonepo vuto.

Sipanala12: Yezani kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita angati, mudzatiuze.

Mai a Chisomo: Madala, nanga zoti galimoto yoyenda maulendo afupiafupi ndi imene imasungika, n'zoona? Ine ndimangopita kuntchito ndi kusukulu ya ana, makilomita atatu basi, koma batire imandivuta chaka ndi chaka.

Madala Gama: Maulendo afupiafupi ndiwo amadya galimoto mwakachetechete, mayi. Poliza, sitata imakoka moto wambiri mu batire, ndipo makilomita atatu sakwanira kuti alternator ibweze. Injininso siitentha mokwanira kuti chinyezi cha mu oyilo chiphwe, n'chifukwa chake ena amapeza zoyera ngati phala kunsi kwa chivindikiro cha oyilo. Mu ekisozi mumakhala madzi, dzimbiri n'kuyamba m'kati. Valavu ya EGR, yobweza utsi wina mu injini, ndi throttle body, polowera mpweya, zimadzaza mwaye, sailensi (kulira kwa injini galimoto itaima) n'kumakwera ndi kutsika. Kamodzi pa sabata iyendetseni mphindi 30 pamsewu wotakasuka. Batire muyezetse: galimoto itazima iyenera kuonetsa pafupifupi 12.6 volts, ikulira pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikamalira koma n'kumaonetsa 12 ndi kanthu, vuto ndi alternator, mugula mabatire mpaka kutopa.

Tadala K: Funso lina kwa asisi Nasibeko. Makilomita 118,000 pa galimoto ya 2008, mapulagi otheratu, mounting yong'ambika. Mukutsimikiza kuti wotchiyo sinabwezedwe?

Nasibeko: Mwandiopsanso achimwene. Ndingadziwe bwanji?

Sipanala12: Mapulagi ndi mounting pa makilomita amenewo n'zosadabwitsa, mphira imakalamba ndi zaka ngakhale galimoto itangokhala. Koma yang'anani mphira ya pa buleki yopondapo, chiwongolero ndi m'mphepete mwa mpando wa dalaivala. Ngati mphira yadyeka mpaka chitsulo kuonekera ndipo chiwongolero chasalala ngati galasi, galimotoyo yayenda kuposa zomwe ikunena. Sakaninso timapepala ta sevisi tomata pa chitseko kapena pansi pa boneti, nthawi zina obweza wotchi amaiwala kutichotsa. Mulimonsemo, popeza mulibe mbiri yake, itengeni ngati sinasinthidwepo kanthu: oyilo ndi sefa, mafuta a CVT, mafuta a mabuleki amene amafunika kusintha zaka ziwiri zilizonse chifukwa amayamwa chinyezi. Matayala onani manambala anayi omaliza pambuyo pa DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2016. Tayala likhoza kukhala ndi mapanda ambiri koma litauma ndi ukalamba.

Bwana Mbewe (woyang'anira gulu): Ndiwonjezere chimodzi chosakhudza thumba koma moyo. Galimoto zambiri za ku Japan za zaka zimenezo, kuphatikizapo Vitz ndi Fit zina, zinaitanidwanso chifukwa cha ma airbag a kampani ya Takata amene amatha kuphulika ndi tizitsulo. Tengani nambala ya chassis mufufuze ngati yanu ili m'gulumo komanso ngati inakonzedwa.

Nasibeko: Ndalemba zonse m'kope. Pampu ndi lamba tisintha Loweruka, mafuta a CVT ndi mounting mwezi wamawa, zinazo pang'onopang'ono. Ndasuzumiranso kuseri kwa matayala monga ananenera madala, kumanzere kuli girizi wakuda mu limu monse.

Madala Gama: Pokhota ikulira?

Nasibeko: Ayi, sindinamvepo kanthu.

Madala Gama: Ndiye kamphira kokha. Auzeni Loweruka lomwelo atsuke joint, aike girizi watsopano ndi kamphira kena, isanamwe mchenga wambiri.

Chikondi B: Ine ndikadali pa mawu anga, mudzaigulitsa chaka chisanathe.

Fatsani wa Mira: Mukamadzagulitsa asisi mundiuze ine poyamba, itakonzedwa kale chonchi.